Adalipo Angati? Mbiri ya Kuŵerenga Anthu pa Bwalo la Mpira

Loŵeruka masana, dzuŵa likapendekera ku mapiri a Nyika, anthu a ku Vinthukutu ndi midzi yozungulira, kumwera kwa boma la Karonga, amasiya makasu, maukonde ndi ntchito za m'minda ya mpunga nathamangira ku bwalo la sukulu kukaonera mpira. Bwalolo lilibe mpanda, lilibe chipata, ndipo palibe munthu wogulitsa matikiti. Ena amaima m'mphepete mwa mzere, ena amatsamira njinga zawo, pamene anyamata amakwera m'mitengo ya mango. Mpira ukatha, za zigoli sizivuta, popeza aliyense adaziona ndi maso ake. Chimene chimautsa mkangano pa njira yobwerera kumudzi n'china. Wa sukulu yopambana amati padali anthu 5,000. Wa sukulu yogonja amati ngakhale 1,000 sadakwane. Mphunzitsi wa zamaseŵero, polemba lipoti lake Lolemba m'maŵa, amasankha nambala ya pakati imene singamuchititse manyazi.

Mkangano umenewu sudayambire ku Vinthukutu. Ndi wakale ngati mpira womwewo, ndipo wavuta ngakhale maiko amene ali ndi mabwalo a zipata zachitsulo ndi makina oŵerengera. Omvera ena angaganize kuti nkhaniyi ndi yocheza nayo chabe, koma mbiri ikusonyeza kuti pa nambala imeneyi pagona ndalama, ulemu wa sukulu, ndiponso nthaŵi zina moyo wa anthu.

Munthu akanena chiŵerengero cha anthu amene adaonera mpira, angathe kukhala akunena chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi chiŵerengero chongoyerekeza ndi maso. Chachiŵiri ndi cha matikiti amene adagulidwa kapena kugaŵidwa. Chachitatu ndi cha anthu amene adaloŵadi pa chipata ndi miyendo yawo. Manambala atatuŵa kaŵirikaŵiri sagwirizana, ndipo wolengeza sanena kuti wasankha iti mwa iwo.

Kumene nkhaniyi idafufuzidwa kwambiri ndi ku America, pa mpira wa makoleji. Mpira wawo ndi wosiyana ndi wa kuno, chifukwa ndi wosongoka mbali zonse ziŵiri ndipo amaunyamula ndi manja, koma anthu amaukonda monga momwe Amalaŵi amakondera mpira wa miyendo. Maseŵero oyamba a makoleji adachitika pa 6 Novembala 1869 pakati pa Rutgers ndi Princeton, ndipo oonera akuti adali pafupifupi 100. Patapita zaka zosakwana 60, m'chaka cha 1927, timu ya Notre Dame idakumana ndi ya Southern California pa bwalo la Soldier Field mu mzinda wa Chicago, ndipo kudalengezedwa kuti padali anthu 120,000. Nambala imeneyi yakhala ikulembedwa m'mabuku kufikira lero, chikhalirecho idali yongoyerekeza. Palibe adaŵerenga khamulo mmodzimmodzi.

Poyamba kukuza manambala kudali kudzitama chabe. Zinthu zidasintha pamene bungwe loyang'anira maseŵero a makoleji la NCAA lidaika chiŵerengero cha oonera m'malamulo ake. M'chaka cha 1978 bungweli lidagaŵa makoleji akuluakulu m'magulu aŵiri, ndipo chimodzi mwa zoyesera koleji yoyenera gulu lapamwamba chidali anthu 17,000 pa maseŵero a pakhomo. Malamulowo atakhwimitsidwa, m'chaka cha 1982 makoleji ambiri adapezeka ali m'gulu lachiŵiri, kuphatikizapo Princeton yomwe ija idayambitsa nawo maseŵerowo. M'zaka za m'ma 2000 muyeso udaikidwa pa anthu 15,000, ndipo koleji inkaloledwa kusankha kuŵerenga anthu oloŵadi kapena matikiti ogulidwa.

Apa m'pamene padaloŵera ukathyali. Gulu lapamwamba ndilo limaonetsedwa kwambiri pa wailesi ya kanema, ndilonso limalandira ndalama zambiri. Koleji imene anthu sankabwera kudzaonera timu yake inkapeza kampani kapena munthu wachuma woti agule matikiti zikwizikwi pa mtengo wotsika. Matikitiwo ankaŵerengedwa, koma mipando inkakhala yopanda anthu. Makoleji ena, polengeza chiŵerengero, ankaphatikizamo oimba malipenga, atolankhani, alonda, ogulitsa zakudya ndi oseŵera omwe.

Makina oŵerenga tikiti iliyonse pa chipata atafala, kudakhala kotheka kuyerekeza zolengezedwa ndi zenizeni. M'chaka cha 2018 nyuzipepala ya Wall Street Journal idaitanitsa manambala a pa zipata a chaka cha 2017 kuchokera ku makoleji pafupifupi 100, ndipo idapeza kuti pa anthu 100 alionse olengezedwa, amene matikiti awo adadutsadi pa makina adali ngati 71. Pa koleji ina chiŵerengerocho sichidafike ndi 20 pomwe. Ngakhale makoleji otchuka sadapulumuke mafunso. Yunivesite ya Michigan, imene bwalo lake limakhala anthu 107,601, idalengeza anthu 115,109 pa maseŵero ake ndi Notre Dame m'chaka cha 2013, popeza kumeneko amaŵerenga munthu aliyense wopezeka mkati mwa mpanda, wolipira ndi wogwira ntchito yemwe. Yunivesite ya Nebraska imanyadira kuti kuyambira m'chaka cha 1962 matikiti ake a pakhomo amatha onse, koma m'chaka cha 2021 adachita kugula otsala ndi anthu akufuna kwabwino, nawagaŵira ana kwaulere, kuti mbiriyo isaduke. Akuluakulu adati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tikiti yogulidwa ndi fodya wa pachala. M'chaka cha 2023 bungwe la NCAA lidachotseratu lamulo la chiŵerengero cha oonera. Nambala imene aliyense adaphunzira kuipinda idali itasiya kuyesa kanthu.

Mpira wa miyendo nawo uli ndi mbiri yotereyi. Bwalo la Wembley ku London litatsegulidwa m'chaka cha 1923, pa maseŵero omaliza a chikho pakati pa Bolton Wanderers ndi West Ham United, m'mabuku mudalembedwa anthu 126,047. Koma anthu ochuluka adakwera mipanda nadzaza mpaka pa udzu poseŵerera, kotero kuti ambiri amati khamulo lidapitirira 200,000. Ku Brazil m'chaka cha 1950, pa bwalo la Maracanã pamene Uruguay idagonjetsa eni dziko pa chikho cha dziko lonse, olipira adalembedwa 173,850, pamene oloŵa akuti adali pafupifupi 200,000. Tsono kulakwa kwa nambala kuli paŵiri. Ku makoleji a ku America mabuku adaonetsa anthu ambiri kuposa amene adalipo; ku Wembley ndi ku Maracanã mabuku adaonetsa ochepa. Kulakwa koyamba kumanyenga anthu. Kulakwa kwachiŵiri kungathe kuwapha, chifukwa bwalo limanyamula matupi a anthu, osati manambala a m'buku.

Kuno ku Malaŵi, bwalo limene laona makamu ambiri ndi la Kamuzu mu mzinda wa Blantyre. Poyamba linkatchedwa Rangeley, ndipo m'pamene mbendera ya dziko lino idakwezedwa koyamba usiku wa kuchera pa 6 Julayi 1964. Kwa zaka zambiri manyuzipepala ankalemba kuti bwaloli ladzaza ndi anthu 40,000, 50,000 kapena 60,000, malinga ndi mmene wolembayo adaonera. Akatswiri a zomangamanga atayendera makwerero ake okalamba, mbali zina zidatsekedwa, ndipo chiŵerengero chololedwa kuloŵa chidatsika kutali ndi manambala akale aja. Makalabu a mpira nawo akhala akudandaula kwa nthaŵi yaitali kuti bwalo limaoneka lodzaza koma ndalama za pa chipata zimakhala za theka la bwalo. Ndalamazo zimagaŵidwa pakati pa matimu oseŵera, eni bwalo ndi mabungwe oyendetsa mpira, choncho munthu aliyense woloŵa ndi tikiti yachinyengo, kapena wopatsira mlonda kangachepe m'manja, amadya m'mbale ya oseŵera. Kumene anthu saŵerengedwa, wakuba sadziŵika.

Koma ndalama n'zochepa poyerekeza ndi zimene zidachitika pa 6 Julayi 2017 ku Lilongwe. Tsikulo dziko linkakondwerera zaka 53 za ufulu wodzilamulira, ndipo pa bwalo latsopano la Bingu, lokhala anthu pafupifupi 41,000, padakonzedwa maseŵero a Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Khamu lidalaŵirira, zipata zidachedwa kutsegulidwa, ndipo anthu atayamba kukankhana, miyoyo 8 idatayika, ambiri mwa iwo ana. Ku South Africa, pa 11 Epulo 2001, anthu 43 adafa pa bwalo la Ellis Park ku Johannesburg pa maseŵero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, pamene anthu adapitirira kuloŵa m'bwalo lodzaza kale. Ngozi zoterezi zili ndi zifukwa zambiri, koma pa zonse pamapezeka funso limodzi limene lidasoŵa woliyankha pa nthaŵi yake: kodi mkatimu muli anthu angati, nanga panjapa patsala angati?

Kuti munthu amvetse chifukwa chake nambala ya anthu imapindika, ayenera kuchoka pa bwalo la mpira pang'ono nayang'ana mbiri ya kalembera wa dziko lino, popeza matenda ake ndi amodzimodzi. M'masiku a Nyasaland, m'zaka za 1901 ndi 1911, boma la atsamunda silidaŵerenge Afirika mmodzimmodzi. Lidatenga chiŵerengero cha nyumba zokhomerwa msonkho, nkuchulukitsa ndi nambala ya anthu amene lidaganiza kuti amakhala m'nyumba imodzi. Kumeneku kudali ngati kuŵerenga matikiti m'malo mwa anthu. Kumadera ena a kumpoto kumene msonkho sunkatoleredwa mokwanira, chiŵerengero chidali chongopeka. Ndiponso munthu wodziŵa kuti kulembedwa ndiko kukhoma msonkho adalibe chifukwa chodzionetsera kwa kalaliki wa boma. Amuna ambiri adali ku migodi ya ku Harare ndi ku Joni, ndipo sadaŵerengedwe bwino. Kalembera woyamba wofika khomo ndi khomo m'dziko lonse adachitika m'chaka cha 1966, ndipo adapeza anthu 4,039,583. Wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu 17,563,749, mwa iwo 365,028 a m'boma la Karonga.

Phunziro lake ndi lomveka. Pamene kuŵerengedwa kudali ndi chilango, nambala idachepa. Pamene kuŵerengedwa kudali ndi mphotho, monga ku makoleji a ku America, nambala idafufuma. Nambala imatsata phindu la woiŵerenga, ndipo womva ayenera kufunsa kuti woŵerengayo apindulanji.

Chodabwitsa n'chakuti yankho la vutoli lili pafupi ndi bwalo la sukulu lija, chifukwa anthu a kufupi ndi Vinthukutu ali m'gulu la anthu oŵerengedwa mosamala kopambana mu Afirika muno. M'chaka cha 1979, ku Chilumba kudakhazikitsidwa ntchito yofufuza za matenda a khate yotchedwa Lepra Evaluation Project, motsogozedwa ndi Dr Jörg Pönnighaus pamodzi ndi Pulofesa Paul Fine wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Kuti adziŵe kuti khate lafala motani, ofufuzawo adafunika kudziŵa kaye kuti anthu onse alipo angati. Kuyambira 1980 mpaka 1984 magulu a antchito, ambiri a iwo ana a m'boma lomwelo, adayenda mudzi ndi mudzi pafupifupi m'boma lonse la Karonga, nalemba ndi kupima anthu oposa 110,000. Nyumba iliyonse idaikidwa pa mapu. Munthu aliyense adapatsidwa nambala yake, ndipo adafunsidwa maina a amayi ake ndi abambo ake, kuti akasamukira mudzi wina kapena akasintha dzina asalembedwe kaŵiri. Kuyambira 1986 mpaka 1989 adabwerezanso ulendowo, ndipo anthu pafupifupi 120,000 adaloŵa m'kafukufuku wa katemera. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa m'chaka cha 1996, zidasonyeza kuti kubwereza katemera wa BCG kumachepetsa khate ndi theka, koma sikuteteza ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Madokotala a maiko akutali adazikhulupirira chifukwa zidachokera pa anthu oŵerengedwa ndi maina.

M'chaka cha 2002 ntchitoyi, imene pa nthaŵiyo inkatchedwa Karonga Prevention Study ndipo pambuyo pake idakhala mbali ya bungwe la MEIRU, idayamba kalembera wosalekeza m'midzi yozungulira Chilumba, kumene kudali anthu oposa 30,000. Midziyo idagaŵidwa m'timagulu ta nyumba zoŵerengeka, ndipo kagulu kalikonse kadapatsidwa munthu wa pamudzi pomwepo wonena mwezi ndi mwezi za ana obadwa ndi anthu omwalira. Chaka chikatha, alembi ankabweranso khomo ndi khomo kudzatsimikiza zimene zidanenedwa. Phindu la khama limeneli lidaoneka msanga. Mankhwala a ma ARV atayamba kuperekedwa kwaulere ku Karonga m'chaka cha 2005, kalembera wa ku Chilumba adasonyeza kuti imfa za anthu akuluakulu okhala kufupi ndi msewu waukulu zidatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, pamene kumidzi yakutali ndi msewu kusintha sikudaoneke msanga chotero. Umenewu udali umodzi mwa maumboni oyamba mu Afirika wosonyeza kuti mankhwalawo akuchepetsa maliro m'midzi, ndiponso kuti utali wa njira ukuwamana ena. Munthu wongoyerekeza ndi maso sakadaona zimenezi.

Pa ntchito ya ku Chilumba pali mfundo zitatu zimene zingathandize bwalo lililonse la mpira. Yoyamba, aŵerenge munthu weniweni, osati chinthu choimira munthu monga nyumba kapena tikiti. Yachiŵiri, munthu aliyense aŵerengedwe kamodzi kokha. Yachitatu, zimene woyamba waŵerenga, wina wosapindula nazo abwere adzatsimikize. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo nambala yongomva kwa mwini maseŵero ndi ya kandimverere.

Ena angafunse kuti nanga pa bwalo lopanda mpanda ngati la ku Vinthukutu, munthu angaŵerenge bwanji? Njira ilipo, ndipo adaikonza ndi mphunzitsi wa utolankhani wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, Herbert Jacobs, m'zaka za m'ma 1960. Ofesi yake idayang'ana pa bwalo limene ophunzira ankasonkhanapo potsutsa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo pansi pa bwalolo padali mizere yodula malowo m'timabokosi tofanana. Iye ankaŵerenga anthu m'timabokosi tingapo, napeza chiŵerengero cha pakati, nachulukitsa ndi timabokosi tonse tokhala ndi anthu. Adapeza kuti manambala olengezedwa ndi okonza misonkhano kaŵirikaŵiri adali okokomeza. Adaonanso kuti pa khamu lotakasuka munthu mmodzi amatenga malo ngati mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, pamene pa khamu lothithikana, pa malo omwewo pamaima anthu aŵiri kapena kuposerapo.

Mphunzitsi wa zamaseŵero uja angachite masamu omwewo ndi ana a sukulu yake. Bwalo la mamita 100 m'litali ndi 65 m'lifupi lili ndi mamita 330 kuzungulira. Anthu akaima phewa ndi phewa, aŵiri pa mita iliyonse, mzere umodzi wozungulira bwalo lonse ndi anthu 660. Mizere itatu yodzaza bwino ndi anthu 1,980. Kuti anthu 5,000 akwane, pafunika mizere isanu ndi iŵiri ndi theka mbali zonse zinayi, ndipo wa kumbuyo sangaone mpira pokhapokha atakwera mtengo. Choncho pa mkangano wa pa njira uja, kaŵirikaŵiri onse aŵiri amakhala ataphonya, wina pokuza, wina pochepetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nambala yoona ya bwalo la sukulu si yachabe. Ndiyo imauza mphunzitsi wamkulu kuti apemphe apolisi angati pa tsiku la maseŵero omaliza, kuti chingwe chotchinga oonera chifunika kapena ayi, ndi kuti madzi akumwa ndi zimbudzi zikwanira. Ndiyo imene komiti ya sukulu ingaonetse kwa khonsolo ya boma popempha kuti bwalo likonzedwe. Nambala yokokomeza ingakondweretse anthu Loŵeruka, koma ikadziŵika kuti ndi yabodza, ngakhale yoona ya maŵa sikhulupirika. Ndipo mnyamata amene lero akugwira chingwe pa bwalo la sukulu ndi yemweyo amene tsiku lina adzaima pa chipata cha bwalo la Karonga, makilomita pafupifupi 70 kumpoto, kumene matimu a ligi yaikulu amabwera ndi makamu awo. Akazoloŵera ali mwana kuti nambala imangonenedwa, adzatero ndi pamene m'manja mwake muli matikiti ndi moyo wa anthu.

Makoleji olemera a ku America adali ndi makina pa zipata, koma kwa zaka zambiri adalengeza manambala amene makinawo sadawaone. Alembi a ku Chilumba adayamba ndi pensulo, mapu ndi miyendo, ndipo manambala awo adathandiza kusintha kachiritsidwe ka matenda. Kusiyana kwawo kudali pa cholinga: ena ankafuna kuoneka aakulu, ena ankafuna kudziŵa. Tsono tsiku lina woulutsa mawu pa wailesi akadzanena kuti bwalo ladzaza ndi anthu akutiakuti, womvera wa ku Vinthukutu, wa ku Nsanje kapena wa ku Mchinji ali ndi ufulu wofunsa mafunso atatu: waŵerenga ndani, waŵerenga chiyani, ndipo watsimikiza ndani?